Kainjini ka Petulo ka Ndege Zazing'ono: Phunziro la Kuyeza M'mapiri ndi M'zigwa za Ntcheu

Injini yaing'ono ya petulo imene imaulutsa ndege zolamulidwa ndi rimoti, kutanthauza kachipangizo ka m'manja kotumiza malamulo kudzera m'mafunde a wailesi, ndi ya banja limodzi ndi injini za makina ochekera mitengo, makina otchetchera udzu ndi majenereta ang'onoang'ono amene amalira m'misika ya Lizulu, Tsangano, Kampepuza ndi pa boma la Ntcheu. Makaniko amene amamasula ndi kumanga makina amenewa akudziwa kale gawo lalikulu la zimene woulutsa ndege yotere amafunika kudziwa, chifukwa pisitoni, pulagi ndi kabuleta zimagwira ntchito m'njira yofanana. Chimene chimasiyana ndi kukula kwa chilango cha kulakwitsa, pakuti jenereta ikazima mwini wake amangokokanso chingwe, pamene injini ya ndege ikazima m'mwamba, woulutsa amatsala ndi kanthawi kochepa kwambiri koti aitsitsire pa malo abwino isanaphwanyike. N'chifukwa chake ntchitoyi imalira kuyeza kumene sikulola zongoganizira, ndipo boma la Ntcheu, limene lili ndi mapiri ozizira kumadzulo ndi chigwa chotentha kum'mawa, ndi malo amene kufunika kwa kuyezako kumaoneka poyera.

Kumene lusoli lidachokera

Ndege zazing'ono za injini ya petulo zidayamba kutchuka ku America m'zaka za m'ma 1930, pamene Bill Brown adapanga kainjini kotchedwa Brown Junior ndipo mnzake Maxwell Bassett adayamba kupambana nako mipikisano, ndipo m'zaka zomwezo abale awiri, Walter ndi William Good, adakhala m'gulu la anthu oyamba kulamulira ndege zotere ndi wailesi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kudafika injini za mtundu wina zimene sizifuna batire ya moto zikalira, zimene zimamwa mafuta apadera a methanol, ndipo kupepuka kwake kudazitchukitsa kwa zaka zambiri. Koma mafuta amenewa ndi odula ndipo sapezeka pa malo omwetsera galimoto, motero ndege zitayamba kukula, anthu adabwerera ku petulo, poyamba posintha injini za makina ochekera mitengo ndi otchetchera udzu, kenako pogula zopangidwira ndege kuchokera ku makampani monga Zenoah ya ku Japan, Desert Aircraft ya ku America ndi DLE ya ku China.

Kukula kwa injini kumayezedwa m'ma cc, amene ndi muyezo wa malo amene pisitoni imadutsamo ikamakwera ndi kutsika m'silinda. Injini zambiri za ndege zazing'ono zimayambira pa ma cc 20 kufika pa 60, ngakhale zilipo zopitirira 100, pamene njinga zamoto zambiri za kabaza zimakhala pakati pa ma cc 100 ndi 150. Zambiri mwa injini za ndegezi ndi za mtundu wa two-stroke, momwe moto umaphulika kamodzi pisitoni ikakwera ndi kutsika kamodzi, ndipo mtundu umenewu ulibe mosungira oyilo mwapadera monga mmene zilili m'galimoto. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo, nadutsa m'mimba mwa injini kunyowetsa maberingi ndi makoma a silinda asanapse limodzi ndi petuloyo. Mfundo imeneyi ndi imene zonse zotsatira zatsamirapo, chifukwa injini yotere ikamanidwa petulo imakhala yamanidwanso oyilo nthawi yomweyo.

Kumanga injini pa ndege

Injini imamangidwa pa thabwa lolimba la pulayiwudi limene lili kumphuno kwa ndege, ndipo chifukwa injini ya silinda imodzi imanjenjemera kwambiri, mabawuti onse amapakidwa mankhwala oletsa kumasuka ndipo amaonedwanso pakatha maulendo oyamba. Pulopela, amene ndi mapiko ozungulira okoka ndege, amasankhidwa molingana ndi mphamvu ya injini, kotero kuti injini ya ma cc 20 imatenga pulopela wa mainchesi 16 kapena 17, pamene ya ma cc 55 imatenga wa mainchesi 22 kapena 23. Asanamangidwe, pulopela amaikidwa pa kamtengo kopingasa kuti aoneke ngati mbali imodzi ikulemera, ndipo mbali yolemerayo imapalidwa pang'onopang'ono mpaka zonse zitafanana, pakuti kulemera kwa mbali imodzi kumagwedeza ndege yonse ndi kumasula mawaya. Injini ikamangidwa, ndege yonse imanyamulidwa pa zala kunsi kwa mapiko, pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi kuchokera kutsogolo kwa phiko, ndipo iyenera kukhazikika mphuno itaweramira pang'ono, chifukwa ndege yolemera kumchira siimva malamulo a woulutsa.

Thanki ndi mapaipi ake ziyenera kukhala zopirira petulo. Mapaipi ofewa a silicone, amene amagwira bwino ntchito ndi methanol, amatupa ndi kuphwasuka akakhudzana ndi petulo, choncho m'malo mwake mumaikidwa a mtundu wa Tygon kapena Viton. Kumapeto kwa paipi ya m'thanki kumakhala kachitsulo kolemera kokutidwa ndi sefa, kamene kamatsata petulo kulikonse kumene wagwera ndege ikapendekeka kapena kutembenuzika. Paipi ina yaing'ono imalowetsa mpweya m'thanki pamene petulo akuchepa, ndipo ikatsekeka ndi dothi kapena timavu tomanga zisa m'mabowo, injini imalira bwino kwa mphindi zochepa kenako n'kuzima popanda chifukwa chooneka.

Moto wa pulagi umachokera m'kabokosi ka magetsi kamene kamadya batire yakeyake, ndipo kamadziwa nthawi yotulutsa moto kudzera mwa kamaginito kamene kali pa shafiti ya pulopela. Pa injini zambiri moto umatuluka pisitoni itatsala madigiri pafupifupi 28 kapena 30 kuti ifike pamwamba penipeni, ndipo mpata wa pakamwa pa pulagi umakhala pafupifupi theka la milimita. Moto umenewu umatulutsa mafunde amene angasokoneze kachipangizo kolandira malamulo a rimoti, motero zida za wailesi zimaikidwa kutali ndi kabokosiko, pa mtunda wa masentimita pafupifupi 30 ngati malo alipo, ndipo kamtengo kokankha chotsegulira mpweya cha kabuleta sikakhala kachitsulo kuyambira kumutu mpaka kumchira. Pamafunikanso swichi yozimitsira moto kuchokera pa rimoti, yotcheredwa mwanjira yoti kulumikizana kukaduka injini izime yokha. Pomaliza, chivundikiro cha injini chimabooledwa kuti mphepo izilowa kutsogolo ndi kutulukira kunsi, ndipo bowo lotulukira limakhala lalikulu kawiri kapena katatu kuposa lolowera, popeza mpweya ukatentha umafufuma n'kufuna njira yotakata.

Petulo, oyilo ndi sirinji

Muyezo wosakanizira petulo ndi oyilo umalembedwa ndi wopanga injini, ndipo oyilo woyenera ndi wa 2T wopangidwira injini zozizira ndi mphepo, osati oyilo wa galimoto kapena wa injini za maboti. Injini yatsopano nthawi zambiri imayamba ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 30 a petulo, amene ndi mamililita 33 pa lita imodzi, ndipo ikazolowera imatha kupatsidwa gawo limodzi pa magawo 40, amene ndi mamililita 25 pa lita kapena 125 pa malita 5. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi ndi mamililita 8 okha pa lita, amene sakwana n'komwe supuni yaikulu imodzi, ndipo n'chifukwa chake chizolowezi chothira oyilo ndi chitsekero cha botolo kapena kungoona mtundu wa petulo sichingagwire ntchito pano. Sirinji yopanda singano, yokhala ndi mizere ya mamililita, ndi chida chotchipa chimene chimathetsa vutoli.

Petulo wa m'dziko muno ali ndi khalidwe lake limene woulutsa ayenera kulidziwa. Dziko la Malawi lidayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idaonjezereka mu 2004. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pakapita nthawi amaumitsa mapaipi ndi timapepala tofewa ta m'kabuleta, choncho petulo wosakaniza kale ndi oyilo sayenera kusungidwa kwa miyezi yambiri, makamaka m'nyengo ya dzinja, ndipo chigubu chake chizikhala chotseka bwino ndi pamthunzi. Petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene anthu amathamangira mafuta akasowa, amatha kukhala ndi madzi, fumbi kapena palafini, ndipo kachitsotso kosaoneka ndi maso n'kokwanira kutseka njira za m'kabuleta zimene n'zopyapyala kwambiri. Petulo aliyense ayenera kusefedwa polowa m'chigubu ndiponso polowa m'thanki ya ndege.

Kuliza ndi kuzolowetsa injini

Kabuleta ndi chida chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ya pa ndege, imene kawirikawiri imakhala ya Walbro kapena yofanana nayo, ilibe kambale kosungira petulo monga ya njinga yamoto, chifukwa ndege imatha kuuluka chagada. M'malo mwake ili ndi kapepala kopyapyala kamene kamagunda ngati chikopa cha ng'oma potsata kupuma kwa m'mimba mwa injini, ndipo kugundako n'kumene kumapopa petulo kuchokera m'thanki. Kapepalaka kakauma kapena kubooka, injini imavuta kulira ngakhale pulagi ili ndi moto wabwino.

Poliza, ndege imamangidwa kumchira pa chikhomo kapena kugwiridwa ndi munthu wachiwiri, ndipo anthu onse amaima kumbuyo kwa pulopela. Woliza amatseka choko, chimene ndi chitseko chochepetsa mpweya kuti injini ikoke petulo wambiri, kenako amayatsa moto n'kupukusa pulopela ndi ndodo yokutidwa ndi labala kapena ndi dzanja lovala gulovu yochindikala, mpaka injini itatsokomola kamodzi. Ikatero amatsegula choko n'kupukusanso, ndipo injini yabwino imalira pakangopita maulendo ochepa. Wopitiriza kupukusa choko chili chotseka amamiza injini m'petulo, ndipo zikatero pulagi imayenera kuchotsedwa ndi kuumitsidwa.

Injini yatsopano siithamangitsidwa, chifukwa ring'i ya pisitoni imafunika nthawi kuti ipereseke ndi kukhala bwino pa khoma la silinda. Imalizidwa kwa mphindi zochepa pa liwiro losinthasintha, n'kuzimitsidwa kuti izizire, kenako n'kulizidwanso, ndipo ikayamba kukhazikika, kuzolowera kwenikweni kumachitikira m'mwamba kumene mphepo imaiziziritsa mokwanira. Ntchitoyi imatha malita angapo a petulo, ndipo akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti injini yofulumizitsidwa pa masiku oyamba imataya mphamvu imene siidzabwereranso.

Singano ziwiri ndi mpweya wa Ntcheu

Pambali pa kabuleta pali timasikuluwu tiwiri ta nsonga yosongoka totchedwa singano, imodzi yolembedwa L, yolamulira petulo injini ikamalira pang'onopang'ono, ndi ina yolembedwa H, yolamulira petulo ikamathamanga. Kumanga singano kumachepetsa petulo ndipo kuimasula kumamuonjezera. Poyambira pake pa injini zambiri ndi kumasula singano iliyonse kamodzi ndi theka kuchokera potseka, ngakhale buku la injiniyo ndi limene limapereka muyezo weniweni. Kusintha kulikonse kumachitika injini itazimitsidwa, ndipo sikupitirira gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira kamodzi, chifukwa kusuntha kochepa chotere kumasintha kale kulira kwa injini.

Singano ya H imamangidwa pang'onopang'ono mpaka liwiro litafika pachimake, kenako imamasulidwanso kuti liwirolo litsike ndi maulendo 200 kapena 300 pa mphindi, ndipo liwiroli limawerengedwa ndi tachometer, kachipangizo kamene kamawerenga kuzungulira kwa pulopela. Mpata wotsalawo ndi chitetezo, popeza m'mwamba pulopela amapepukidwa ndipo injini imafuna petulo woonjezera. Singano ya L imayesedwa potsegula mpweya mwadzidzidzi kuchokera pa liwiro lotsika, limene pa injini zambiri limakhala pakati pa maulendo 1,600 ndi 2,000 pa mphindi. Injini ikachita chidodo, kutulutsa utsi wambiri ndi kutsokomola isanathamange, ndiye kuti yakhutitsidwa petulo mopyola, koma ikabanika n'kuzima nthawi yomweyo, ndiye kuti yamanidwa. Pulagi imachitira umboni pambuyo pake, pakuti nsonga yofiirira imasonyeza muyezo wabwino, yakuda ndi mwaye imasonyeza petulo wochuluka, ndipo yoyera mbuu imachenjeza kuti injini ikutentha ndipo ili pafupi kunoka.

Apa ndi pamene malo a Ntcheu amalowerera. Mpweya umapepuka munthu akamakwera, kotero kuti kukwera mamita 1,000 kumachepetsa kulemera kwa mpweya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mphamvu ya injini imatsika mofanana. Boma la Ntcheu, limene kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,424, lili ndi kusiyana kotereku m'kati mwake, kuchokera ku mapiri a Kirk Range kumene kuli Tsangano, pamtunda wopitirira mamita 1,500, kutsikira ku chigwa cha Bwanje kumene kuli Sharpevale, Kasinje ndi Bilira. Injini yotchunidwa bwino ku chigwa ikapita ku Tsangano imapeza mpweya wochepa pa petulo yemweyo, ndipo imalemera ndi kufuka utsi, zimene n'zokhumudwitsa koma sizowopsa. Ulendo wobwerera ndi umene umapha injini, chifukwa yotchunidwa kumapiri ikatsikira ku chigwa imakoka mpweya wochuluka pa petulo wochepa, imalira mokoma ndi mwamphamvu kwa kanthawi, kenako imatentha pamene oyilo akuperewera. Ngakhale pa malo amodzi, mpweya wozizira wa m'mawa wa mu Juni ndi wolemera kuposa wa masana a mu Okutobala, motero muyezo wa singano uyenera kuonedwanso nyengo ikasintha. Mpweya wopepuka wa kumapiri umakhudzanso mapiko ndi pulopela, choncho ndege imafuna bwalo lalitali kuti inyamuke ndipo imatera ndi liwiro lokulirapo.

Chitetezo, malamulo ndi malire

Nsonga ya pulopela wa mainchesi 22 amene akuzungulira maulendo 7,000 pa mphindi imayenda pa liwiro lopitirira makilomita 700 pa ola, ndipo imadula chala mosavuta. Ana, amene sangalephere kukhamukira kumene kwamveka kulira kwa ndege, ayenera kuikidwa kumbuyo kwa mzere woonekera bwino, ndipo ndege isauluke pamwamba pa msika, sukulu ili m'kati, ziweto kapena mawaya a magetsi. M'chilimwe udzu ukauma, ndege ya petulo ikagwa imatha kuyatsa tchire ndi nyumba zofolera ndi udzu, choncho chozimira moto kapena ndowa ya mchenga iyenera kukhala pafupi. Ndege isananyamuke, mphamvu ya rimoti imayesedwa chapatali kawiri, koyamba injini ili chete ndipo kachiwiri ikulira, ndipo ngati mtunda womvera wachepa injini ikamalira, ndegeyo siiyenera kuuluka mpaka gwero la chisokonezo litapezeka.

Mlengalenga muli malamulo amene akuluakulu oona za maulendo a ndege m'dziko muno amayang'anira, ndipo aliyense wofuna kuulutsa ndege yopanda munthu ayenera kuyamba wafunsa kwa iwo za chilolezo, komanso kudziwitsa mfumu ya deralo ndi apolisi. Ku Ntcheu nkhaniyi ili ndi mbali ina yapadera, chifukwa msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique m'madera a Lizulu ndi Biriwiri, ndipo ndege yonyamukira pafupi ndi msewuwo ingaoloke kulowa m'dziko la eni m'kanthawi kochepa, makamaka m'miyezi imene mphepo ya mwera imaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa.

Phindu lake ku dziko

Dziko la Malawi lidali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa pa ntchito ya ndege zopanda munthu zothandiza pa zaumoyo. Mu Malichi 2016 boma ndi bungwe la UNICEF adayesa kunyamula magazi oyezera HIV mwa makanda pakati pa zipatala za mu Lilongwe, ndipo mu Juni 2017 adatsegula dera loyeseramo ndegezi ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Mu Novembala chaka chomwecho ndege yotchedwa EcoSoar, imene ophunzira a ku Malawi adamanga motsogozedwa ndi akatswiri a sukulu ya Virginia Tech, idauluka yokha makilomita 19 m'dera limenelo, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idatsegulidwa ku Lilongwe. Ndege zimene zagwira ntchitozi ndi za mabatire, amene ndi odalirika ndi osavuta kusamala, koma kilogalamu imodzi ya petulo imasunga mphamvu yochuluka maulendo makumi angapo kuposa kilogalamu ya batire, ndipo ngakhale injini imataya yambiri mwa mphamvuyo ngati kutentha, yotsalayo imapitabe patali. Umboni wake udaoneka mu Ogasiti 2003, pamene ndege ya Maynard Hill yosapitirira makilogalamu 5 idaoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Newfoundland kufika ku Ireland, mtunda wa makilomita oposa 3,000, m'maola osakwana 39, ndi kainjini ka ma cc 10 ndi mafuta osakwana malita 4.

Boma la Ntcheu lidapezeka ndi anthu 659,608 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata, ena mwa iwo akukhala m'madera amene misewu yake imavuta mvula ikagwa. Ndege za mtunda wautali zikadzafunika pojambula minda, kuona nkhalango kapena kufikira zipatala zakutali, padzafunika anthu odziwa kusamala injini zake kufupi ndi kumene zikuulukira. Chiyambi chake sichilira ndege yodula, pakuti injini imodzi ya makina otchetchera udzu yomangidwa pa benchi, sirinji, tachometer ndi kope lolembamo tsiku, malo, nyengo, muyezo wa singano ndi liwiro, n'zokwanira kuphunzitsa kalabu ya sayansi ya pa sekondale kapena kalasi ya umakaniko ya pansi pa TEVETA mfundo zonse zikuluzikulu. Ophunzira amene angatchune injini imodzi ku Tsangano, n'kuitchunanso ku Sharpevale, n'kufotokoza ndi manambala chifukwa chimene miyezo yasiyanirana, adzakhala ataphunzira chizolowezi chimene chingatalikitse moyo wa jenereta, pampu ya kudimba ndi njinga yamoto iliyonse imene angaikonze, ndipo akuluakulu a maphunziro ndi a ntchito zamanja m'bomali ali ndi chifukwa chokwanira choyambitsira phunziroli.